Zipi Inalekera Pachibwano

Ndinadzuka kusanache, alamu isanalire. Kunena kuti ndinadzuka n'kungonena, chifukwa tulo sitinabwere n'komwe. Anzanga amene anachezera nane anali atagona chokhala, wina atatsamira bedi, wina khoma, masiki ali m'khosi. Nyimbo za maliro tinaziimba monong'ona, kuopa kuti woyang'anira nyumba angalowe n'kupeza anthu khumi ndi awiri m'chipinda cha anthu anayi. Munali mu Januwale, mliri wa korona uli pakati. Siwa yathu inali imeneyo, chipinda cha alonda ku Industrial Area mumzinda wa Doha, popanda mtembo pakati, chithunzi chokha cha achimwene chili pampando.

Achimwene amenewa ndi amene ndinapondana nawo, ndipo ndiwo anandiitanira kuno. Iwo anali dalaivala wa banja lina lolemera, ine ndine mlonda pa hotela. Anamwalira Lachisanu ku famu ya bwana wawo, kumpoto, tsiku la uzimba. Bwanayo amaweta mbawala zazing'ono m'kankhalango ka mitengo ya minga kamene anakatchinga ndi waya, ndipo nyengo yozizira ikafika, imene anthu a kuno amasaka ndi mfuti, amaitana anzake kukawombera. Atamva kuti achimwene anakulira mphepete mwa Dzalanyama ndipo ankatha kulondola mapazi a gwape pa nthaka youma, masiku oterowo ankawachotsa pachiwongolero n'kuwapatsa ntchito youtsa nyama. Amene anapitako ku uzimba akudziwa kumene woutsa nyama amakhala. Amalowa m'tchire kuti nyama zithawire kumene kuli mfuti, ndiye kuti mfutizo zimaloza kumene kuli iyeyo. N'chifukwa chake kwathu woutsa nyama amakuwa ndi kuimba mluzu kuti anzake adziwe pamene ali. Achimwene anandiuzapo, akuseka, kuti kuno anawaletsa zokuwa chifukwa phokoso limawononga mavidiyo a alendo.

Pepala la imfa yawo limene anandionetsa linati mtima unangoima. Mtima wa munthu amene ankanyamula silinda ya gasi ndi dzanja limodzi. Komanso milungu iwiri m'mbuyomo anali atauza bwanayo kuti akusiya ntchito, popeza lamulo latsopano linali litalola munthu kusintha ntchito popanda kalata ya bwana. Kenako mlembi wa bwanayo anatiuza kuti ndi mliriwu kutumiza maliro kumudzi kungatenge miyezi, ndiye kuli bwino aikidwe konkuno msangamsanga, zonse akonza okha. Sindikunena kuti wina anachita dala. Koma changu choterocho sindinachionepo kwa anthu amene kalata ya tchuthi yokha ankaisunga mwezi wathunthu.

Amayi kumudzi anavomera movutikira, ndipo anandipatsa ntchito imodzi. Kwathu amene asambitsa maliro ndi amene amauza abale zimene aona pathupi, ndipo mawu awo sakanidwa. Kuno kunalibe osambitsa athu. "Umuone thupi lonse," anatero pa foni dzulo lake. "Usamuike usanamuone." Ndinalonjeza.

Kunja kunali chifunga chokhuthala, moti magetsi a pageti ankangooneka ngati nyali za koloboyi. Ndinatsikira kukhitchini n'kupeza amuna awiri atayatsa kale mbaula zonse za gasi, wina akutsuka mpunga, wina akudula anyezi uku akulira, kaya chifukwa cha anyeziwo kaya achimwene. Kutayamba kuyera anthu anayamba kufika awiriawiri, kuti asaoneke ngati gulu. Pageti aliyense ankaonetsa foni yake kuti ili yobiriwira, kutanthauza kuti alibe matenda. Anabwera madalaivala, alonda ochoka ku ntchito ya usiku asanavule yunifolomu, ndi anamwino atatu a ku Al Sadd atanyamula mafulasiki a tiyi ndi mandasi. Kupatsana moni wa pamanja kunali koletsedwa, ndiye ankangoima patali n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Mayi mmodzi anayamba kulira mokweza ngati kumudzi, mnzake n'kumugwira paphewa, iye n'kumeza kulirako.

Cha m'ma seveni kunabwera galimoto yoyera ya ku famu kuja. Woyendetsa anali bambo wina wa ku Mangochi, dalaivala mnzawo wa achimwene, amene analipo tsiku la uzimbalo. Chichitikire ngoziyo foni yanga sankayankha. Anatsitsa chibokosi chachikulu cha ayezi, nati n'chipepeso chochoka kwa bwana. Titatsegula tinapeza mbawala yathunthu, yosenda kale.

Kwathu munthu amene si m'bale wako sabwera ndi nyama yathunthu pamaliro usanamupemphe. Akatero anthu amayang'anana, chifukwa galu wamkota sakandira pachabe. Bambo wina amene wakhala kuno zaka zambiri anati tisaganize zambiri, anthu a kuno ndi mwambo wawo kutumiza chakudya kwa ofedwa. Mwina n'zoona. Ine maso anga anali pa kabowo kamene kanali kuseri kwa mwendo wamwamba wa nyamayo, kakang'ono koti chala chimodzi n'kutseka. Sindinkadziwa kuti chipolopolo chimalowa mwaulemu choncho. Palibe amene ananola mpeni, ndipo nyamayo tinawapatsa anyamata a ku Nepal a chipinda choyandikana nafe.

Bambo wa ku Mangochi uja anandipatsanso jumbo ya katundu wa achimwene. Munali thalauza, lamba, nsapato zodzaza mchenga, ndi foni yakufa batire. Malaya munalibe. Nditafunsa, anayang'ana matayala a galimoto yake n'kunena kuti a ambulansi anawadula ndi sizasi powathandiza. Mmodzi wa anamwino aja anavomereza kuti zimatero ndithu. Tsiku lonselo linali lotero. Funso lililonse linali ndi yankho lake labwinobwino lokonzeka kale, ndipo yankho lililonse linkandiwonjezera nkhawa.

Ku mochale analola wachibale mmodzi yekha. Ena onse anatsala m'basi panja. M'khonde ndinapeza mlembi wa bwana ataima ndi mapepala, atavala masiki awiri, akuyang'ana wotchi. "Yala, yala," anatero, kutanthauza kuti tifulumire, "mukangoona nkhope mubwere mudzasayine, khalasi, zathera pomwepo." Wogwira ntchito m'mochalemo, bambo wa ku Kenya wa imvi m'ndevu, anandiveka magolovesi n'kundilowetsa m'chipinda chozizira. Achimwene anali m'thumba loyera la pulasitiki. Bamboyo anatsitsa zipi mpaka pachibwano n'kulekera pomwepo, nati lamulo la mliri ndi nkhope yokha.

Anali iwo. Ndevu zinali zitamera pang'ono, milomo itauma, ndipo pachipumi panali kachipsera kamene ndinawapatsa ine ndi legeni tili ana. Nkhope sinanene kalikonse. Bambo wa ku Kenya uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana chitseko, kenako anasisita matumba ake nati waiwala cholembera ku ofesi, abwera pakatha mphindi zisanu. Cholembera chinali chikuoneka m'thumba la malaya ake. Anatuluka n'kutseka chitseko bwinobwino.

Ndinadziwa chimene anandipatsa. Ndinagwira kachitsulo ka zipi kaja. Kanali kozizira ngakhale m'magolovesi, ndipo kuti ndifike pachifuwa panangotsala kutalika kwa chikhatho chimodzi. Ndiye maganizo anabwera onse pamodzi. Ndikapeza bowo, nditani? Ndituluka n'kukana kusayina. Ndipita kupolisi, ine mlonda wa pageti, kukaneneza munthu amene ali ndi nkhalango yakeyake m'chipululu. Mlandu utenga chaka, achimwene ali mufiriji, ndipo ine mwina ndidzakhala nditakwezedwa kale ndege. Kumudzi kuli ana atatu a achimwene, anga awiri, alamu anga, ndi amayi, ndipo kuyambira Lachisanu lija onsewo akudya m'manja mwanga. Ndikapanda kupeza bowo, mtima ukhala pansi. Koma ndinaona kuti sindinkakhulupirira zoti sindilipeza.

Ndinaima choncho mpaka dzanja kuchita dzanzi. Kenako ndinasiya zipi ija, n'kuwapukuta achimwene pachipumi, n'kuwapepesa. Bambo uja atabwera anayang'ana zipi, kenako anayang'ana ine. Anatseka thumba, tinathandizana kuwaika m'bokosi, ndipo ndinatuluka kukasayina pamene mlembi analoza ndi chala. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Palibe amene anandigwira dzanja. Ndinachita mantha ndekha.

Manda a anthu achikhristu ali kutali, cha ku Dukhan, ulendo woposa ola limodzi kulowera kumadzulo. Patsogolo panali ambulansi, kenako basi yathu, kenako galimoto ziwiri, ndipo kumbuyo kwenikweni galimoto yoyera ya ku famu ija. Chifunga chinali chitatha, m'malo mwake kunabwera mphepo yozizira youlutsa mchenga pamsewu. M'basi tinakhala motalikirana, mpando umodzi munthu mmodzi, ndipo anamwino anayambitsa nyimbo. Kwathu maliro akamadutsa anthu amaima m'mbali mwa msewu, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. Kuno malole ankatipitirira akuimba hutala. Tinadutsa ngamila zikudya zitsamba, ndipo ngakhale imodzi sinadzutse mutu.

Dzenje tinalipeza lokumbakumba ndi makina, m'mbali mwake muli mosalala ngati thanki ya madzi. Dothi lake linali loyera, la miyala yokhayokha. Abusa amene timapemphera nawo ku Abu Hamour anauzidwa kuti mwambo usapitirire theka la ola. Mnyamata wina wamtali anakweza foni m'mwamba kuti akumudzi aone, ndipo pa kagalasiko ndinaona anthu atadzaza pabwalo pathu, alamu anga atakhala pamphasa pakati pa azimayi, amalume ataima chogwira m'chiuno. Netiweki inkaduladula, moti kulira kwawo kunkatifika m'zidutswa.

Mbiri ya malemu ndinawerenga ine. Ndinanena kumene anabadwira, kumene anaphunzira, ana amene asiya. Pofika pa chimene chawatenga ndinati anamwalira mwadzidzidzi ali pa ntchito. Ndinaona amalume pa foni paja akuweramira kutsogolo kudikira mawu otsatira, koma ine ndinapinda pepala. Mlembi wa bwana, amene anaima patali pafupi ndi galimoto yake, anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza.

Tinatsitsa bokosi ndi zingwe. Mafosholo analipo atatu, ndipo monga mwa mwambo amuna ankalandizana, wina akaponya kangapo n'kupatsa mnzake. Bambo wa ku Mangochi uja atalandira fosholo sanaiperekenso. Anthu anatambasula manja kuti amulandire, iye osaona. Anafotsera mpaka malaya kunyowa m'mphepo yozizira ija, misozi ikulowa m'masiki. Ena ankati ndi chikondi, poti anagona chipinda chimodzi zaka zinayi. Ine ndinkayang'ana mmene ankathamangitsira dothi lija, ndipo mumtima ndinkamuweruza, ngati kuti ine ndinali wosiyana naye.

Titaika nkhata ziwiri zimene anamwino anagula, anthu anayamba kubwerera kubasi. Bamboyo anandipeza ndili ndekha pamtumbira. Anayang'ana kumene kunali mlembi, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Achimwene, ku mochale kuja mwawaona?"

"Ndawaona."

"Paliponse?"

"Nkhope."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutulutsa mpweya. Mpaka lero sindidziwa ngati anapuma chifukwa chopepukidwa kapena chifukwa chokhumudwa nane. Anadikirabe pang'ono, ndipo ndikhulupirira kuti ndikanafunsa akanayankha. Basi inaimba hutala, ine n'kutembenuka.

Tinabwerera mumzinda. Ku nyumba anthu anadya mpunga ndi nyemba chiimire, n'kubalalika msanga, chifukwa ambiri ankalowa ntchito madzulo omwewo. Kuno kulibe zogona pamaliro masiku atatu. Pofika dzuwa kulowa anzanga a m'chipinda anali atavala yunifolomu n'kupita, makapu atatsukidwa, mipando yobwereka itabwezedwa. Ndinatsala ndekha, ndikumva firiji ya m'khonde ikulira ndi mapemphero a pamzikiti akumveka chapatali.

Foni inalira. Anali amayi, mawu atasasa. Anati anthu abalalika, alamu anga agona, ndipo iwo atuluka kuseri kwa nyumba kuti tiyankhule awiri. Sanazungulire.

"Unamuona mwana wanga?"

"Ndinawaona, amayi."

"Thupi lonse?"

Ndinatseka maso. "Lonse. Analibe bala paliponse."

Pa foni ndinamva nkhuku zikukwera m'khola kumudzi. Kenako anati, "Ndiye ndi Mulungu watenga. Anthu kuno amayankhula zambiri, koma mawa ndiwauza kuti waona ndi maso ako. Iwe sunandinamizepo."

Tinatsanzikana. Ndinakhala pabedi osayatsa getsi mpaka mdima unadzaza m'chipindamo, kenako ndinadzuka kukasita yunifolomu ya mawa.