Masokosi a Atsibweni

Amayi anauza msika wonse wa pa Ulongwe kuti tikupita kutchuthi kunja kwa dziko. Aliyense wobwera pa benchi yawo kudzagula chipewa cha khanda ankauzidwa, angakhale sanafunse. Kunja kwakeko kunali ku Mozambiki, kungodutsa Nayuchi, komwe anthu a malonda amapita ndi kubwera ngati kudimba.

"Amayi, musatichititse manyazi," ndinatero. "Anthu aziyesa tikukwera ndege."

"Pa chiphaso adinda kapena sadinda?"

"Adinda."

"Ndiye kunja kumeneko. Tseka pakamwa."

Tinkapita kukaona atsibweni, achimwene awo a amayi. Iwo anachoka kuno amayi ali kamwana, n'kukakwatira kwawo kwa makolo athu. Nkhondo ya kumeneko inatseka njira, ndipo itatha panalibe amene ananyamuka kukafuna mnzake, mpaka mafoni atafika m'midzi. Chaka cha ulendowu, kuzizira kutangoyamba, akazi awo anatiuza pa foni kuti atsibweni akudandaula mapazi: amazizira ngati chule, angakhale awothe moto. Amayi sanafunse zambiri. Anatenga masipoko awo anayi a njinga, omwe anawanola okha pamwala, ndi ulusi wotuwa umene ankausunga, n'kuyamba kuluka masokosi.

Kwathu munthu safika kwa m'bale wake manjamanja. Nandolo ndi shuga tinali nazo, koma amayi ankati zimenezo angapereke aliyense, ndipo zikadyedwa zaiwalika. Mlongo weniweni amapereka chimene zala zake zagwira.

Kukula kwa phazi sanafunse. Ndinawauza kuti aimbe foni, afunse nambala ya nsapato.

"Ine ndifunse phazi la achimwene anga? Ndimalidziwa. Ndili mwana ndinkaima ndi mapazi onse awiri mu nsapato yawo imodzi, malo n'kutsalako."

Sokosi yoyamba inatha tisananyamuke. Inali yaitali ngati mlamba wa ku Chiuta.

Nthawi imeneyo n'kuti nditasiya sukulu. Mayeso a Fomu 2 anandikana kawiri, ndipo sindinafune kukakhala pa desiki limodzi ndi ana omwe ndinkawabereka kumbuyo. Anthu amafuna chifukwa chachikulu, mimba kapena matenda, kuti apukuse mutu bwinobwino. Panalibe. Ndinatopa, ndinayamba kugulitsa tomato. Koma juzi yanga ya sukulu, ya maruni, analuka ndi amayi ndi masipoko omwewo, ndipo sanaigulitse kapena kupatsa mwana wa munthu. Sukulu ikamatsegulira ankaichapa, n'kuiyanika pa chingwe cha pakhomo penipeni, pomwe ndinkayenera kuwerama kuti ndidutse ndi beseni langa la tomato. Osanena kanthu. Bola akanandilalatira.

Tsiku la ulendo ndinaiona pamwamba pa katundu m'chikwama.

"Imeneyo sindivala."

"Wati uvale ndani? Ikukaona nawo dziko."

Sitima tinakakwerera pa Liwonde. Amayi anakhala pa windo, koma panja sanayang'anepo ngakhale pang'ono. Mapiri a Machinga, minda ya mpunga, ana othamangira sitima ndi nzimbe, zonsezo ndinaona ndekha. Munthu wa tchuthi uja mutu unali pansi, milomo ikuwerenga malupu a ulusi, masipoko ali tche tche tche. Mpukutu wa ulusi unali m'manja mwanga, ndipo ntchito yanga inali kuumasulira akakoka.

Moyang'anana nafe munakhala mayi wina wachiyao, wa madengu opanda kanthu, akupita kukagula nsomba zouma ku Chiuta. Anatola sokosi yomalizidwa ija pa miyendo ya amayi, n'kuitambasula m'mwamba kuti anthu onse aione.

"Anganga, mwini wake wa iyi ndi munthu kapena njovu?"

"Ndi achimwene anga. Mukadzawaona mudzapatuka panjira."

"Nanga chemwaliwa ali fomu chani?"

"Ali pa tchuthi," anatero amayi mwachangu.

Aliyense ankadziwa kuti sukulu zinali zisanatsekere. Ndinati, "Tchuthi chake chili m'chaka chachiwiri." Mayi wa nsomba anaseka mpaka kudzigwira pamimba. Amayi sanaseke. Anangokoka ulusi mwamphamvu moti mpukutu unadumpha m'manja mwanga.

Ine ndiye ndinayamba kuona kuti mpukutuwo ukuchepa msanga. Poyamba unali ngati lalanje, kenako ngati dzira, kenako kanthu kofewa komwe ndinkangokabisa m'chikhatho. Amayi anali atangokhota chidendene cha sokosi yachiwiri pamene nsonga ya ulusi inadutsa pakati pa zala zanga n'kukagwera pa chitenje chawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anapisa m'chikwama, anakutumula chitenje, anayang'ana pansi pa mpando ngati ulusi ungabisale. Njovu yoyamba ija inali itadya wonse.

"Mungowapatsa imodziyo," anatero mayi wa nsomba. "Lero kumanja, mawa kumanzere."

Amayi anga ndi munthu woseka, koma apa nkhope inagwa. Kufika kwa mlongo wawo patapita moyo wonse, n'kumutulutsira sokosi imodzi ndi theka, pamaso pa mlamu yemwe sanamuonepo, kwa iwo kunali bwino kubwerera kunyumba.

Titatsika pa Nayuchi tinayenda magolosale onse. Ulusi wosokera zovala unalipo. Ulusi wa maukonde unalipo wambiri. Wolukira panalibe, ndipo munthu wina anatiuza kuti tsidya linalo tingaupeze pokhapokha titakafika m'tauni, kutali kupitirira kwa atsibweni. Tinakhala pa khonde la golosale ina, chikwama pakati pathu.

"Masulani juzi," ndinatero.

"Usayambe."

"Ulusi wake ndi wabwino. Munkanena nokha."

"Ndati usayambe, iwe."

"Mukuisungira ndani? Ine sindibwererako, amayi. Iyayi. Mungaichape mpaka itang'ambika. Uko kuli munthu mapazi akumuzizira, kuno mukufunditsa chikwama."

Amayi anatulutsa juziyo, anaiyala pa miyendo yawo, n'kuisalaza ndi dzanja ngati akutonthoza mwana. Ndinaganiza kuti aibwezeramo. M'malo mwake anamasula nsonga ya chitenje momwe ankasungamo lezala.

"Mkono umodzi wokha," anatero. "Wamva? Umodzi. Ndipo ndidzaubwezera."

Anadula msoko wa paphewa pang'onopang'ono, chifukwa mkonowo anauluka kuyambira kudzanja kukwera m'mwamba, ndipo choluka chimamasuka kuchokera kumene chinathera. Atapeza nsonga anakoka. Ulusi unayamba kutuluka uli wopotanapotana ngati tsitsi longomasula kumene. Anandiuza nditambasule manja, iwo n'kumakulunga, kenako anaunyowetsa ndi madzi a m'botolo lathu kuti uwongoke. Ine ndi amene ndinapempha zimenezi, ndipo ndinali nditazifuna kalekale. Koma poona mkono ukufupika, chigongono chomwe ndinkatsamira pa desiki chikusanduka chingwe, ndinayang'ana kumbali n'kumawerenga chikwangwani cha sopo.

Tinadinditsa ziphaso, tinawoloka wapansi, tinagona kwa mayi wina wa mpingo wathu. M'mawa mwake tinakwera kagalimoto komwe kumeneko amati chapa. Msewu unali wa mabampu, pa mapazi athu panali thumba la makala ndi nkhuku za eni ake, koma amayi analuka njira yonse, zigongono atazipanikiza m'nthiti. Sipoko imodzi inandibaya pantchafu. Ndinawauza kuti tchuthi chotere ndi chilango. Anati ndigwire ulusi bwino. Anatseka nsonga ya zala galimoto ikuima, n'kuluma ulusi ndi mano. Sokosi inali yotuwa kuyambira m'mwamba mpaka pachidendene, kuchokera apo mpaka kuzala inali ya maruni.

Pakhomo tinapeza kankhalamba kakang'ono katakhala pa mphasa, kakuwothera dzuwa. Amayi anapereka moni wa ulemu n'kufunsa kumene kuli eni nyumba. Nkhalambayo inawayang'anitsitsa.

"Chemwali, mpaka kundifunsa ine?"

Amayi anagwetsa chikwama. "Achimwene! Mwafupika liti?"

"Ine ndili momwemu. Wakula ndiwe."

Analira onse awiri, atagwirana manja, akusakaniza Chichewa ndi Chilomwe chomwe sindinkadziwa kuti amayi akuchikumbukirabe. Ine ndinaima ndi nandolo pamutu osadziwa pomuika, mpaka akazi a atsibweni anadzanditula.

Misozi itauma, amayi anatulutsa mphatso yawo ndi manja awiri. Anagwada, n'kuwaveka okha. Phazi linalowa, linafika pomwe linathera, ndipo sokosi inapitirirabe. Nsonga zinalendewera kutsogolo ngati makutu a galu.

Atsibweni anakweza phazi limodzi, analigwedeza, nsonga ya maruni ija ili lende lende.

"Chemwali, unafuna ndilowemo thupi lonse?"

"Nanga mapazi aja munawasiya kuti? Ndinkaima mu nsapato yanu ine!"

"Ija? Jombo ija anandipatsa ndi kapitawo wa ku munda wa fodya. Inenso ndinkaikamo nsanza kuti isavuke."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Amayi anandiponyera diso, kenako nawonso anaphulika. Atsibweni ankati awasiyire choncho, nsongazo azipinda, koma amayi sakanalola kuti chinthu chotero chitchedwe ntchito yawo m'dziko la eni. Anayeza phazi ndi chikhatho, n'kumasula masokosi onse awiri kuchokera kuzala, kumene anathera. Mawa lake anali atawatsekanso pa msinkhu woyenera. Pa ina panatsala maruni kuyambira pachidendene mpaka kuzala, ndipo atsibweni anakana kuti achotsedwe. Ankati azidziwira pomwepo phazi la kumanja. Anawavala masiku onse amene tinakhalako, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense wodutsa pamsewu ankaitanidwa kuti adzaone zochokera ku Malawi.

Ulusi wotsala amayi anaukulunga timipukutu tiwiri, ka maruni ndi kotuwa. Pobwerera, sitima itangonyamuka pa Nayuchi, anatulutsa masipoko n'kuyamba mkono wa juzi, monga ananenera. Ndinagwiranso mpukutu osatumidwa. Maruni anatha mkono utangodutsa pachigongono, chifukwa wina anatsala ku phazi la atsibweni. Ndinkayesa kuti aima pomwepo, akagule wofanana nawo ku Balaka. Anangotola kotuwa kaja, analumikiza, n'kupitiriza.

"Amayi, ku sukulu salola mitundu iwiri. Amabweza pa geti."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukulukiranji?"

"Pa msika pali geti?" Sanadzutse mutu. "M'mawa umanjenjemera pa tomato pako paja ngati mwanapiye. Ukuyesa sindikuona? Bwera nalo phewa ndiyeze."

Anaumalizira kunyumba. Sukulu zitatsegulira, pa chingwe cha pakhomo panali zitenje ndi thaulo basi. Juziyo inali pathupi panga. Ndimaivalabe kukazizira, mkono wa kumanzere wa maruni, wa kumanja wotuwa kuyambira pachigongono kukafika paphewa. Anzanga a pa msika akandifunsa kuti fashoni imeneyi ndi ya kuti, amayi amayankha ali pa benchi yawo, ine ndisanatsegule pakamwa.

"Ya kunja!"