Ovolosi ya Wirat

Pamsika wa zinthu zakale ku Udon, m'dziko la Thailand, aliyense ankadziwa kuti chovala chabodza chikalowa m'shopu ya Chalong sichituluka chathunthu. Munthu ankabwera nacho atachipinda bwinobwino, n'kubwerera nacho chili nsanza m'jumbo, ndipo akayerekeza kudandaula ankamuwonjezera chibakera cha panjira. Ntchito ya Chalong inali kugula ndi kuyesa zovala za asilikali a ndege za nthawi ya nkhondo ya ku Laos: majekete, zipewa, maovolosi. Osonkhanitsa zinthuzi ankachokera ku Bangkok ngakhale ku Japan kudzamva pakamwa pake, poti iye akati ichi n'chenicheni nkhani inkathera pomwepo.

Kayesedwe kake kanali kosavuta. Ankanunkhiza chovalacho, n'kuyang'ana zipi, kenaka n'kusolola kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Ulusi wathonje wa nthawi ija umapsa n'kusanduka phulusa, pomwe wanayiloni umasungunuka n'kuundana kampira kakuda. Akangoona kampirako ankatulutsa lumo lake lometera ndevu, ndipo anthu ogulitsa pafupi ankayamba kusuntha katundu wawo.

Okalamba amati paubwana wake Chalong anali wofatsa, koma ife amene tinamudziwa ali ndi imvi tinkangoseka. Chimene chinamusintha chinali mkulu wake Wirat, woyendetsa ndege yankhondo, yemwe anamugwetsa kutsidya kwa mtsinje wa Mekong, ku Laos. Asananyamuke, mayi awo a Buaphan anadula mpendero wa nsalu yawo yovala, yomwe anaomba okha, n'kumusokera mu ovolosi monga achitira amayi onse kuti zipolopolo zimulambalale mwana. Pamene anausoka sanauze munthu, poti chitetezo choulula chimasukuluka. Mtembo sunabwere. A Buaphan anamwalira atamusiyira Chalong nsalu yoperewera mpendero ija ndi mawu amodzi: apeze pamene pagona mkulu wake, kapena chovala chake chokha, amonke a kukachisi wa Chibuda apempherere n'kuwotcha, mzimu uleke kuyendayenda m'thengo la eni. Malonda a mayunifolomuwa anawayambira pamenepo.

Koma msika uli ndi makutu. Akamberembere atamva kuti Chalong akufuna ovolosi yolembedwa Wirat, anamusokera. Anaikwirira m'matope, anaiwaza magazi a nkhumba, n'kubisa kansalu m'kolala. Chalong analira pagulu ngati mwana, anaitana amonke, anapha nkhuku, ndipo anangozindikira pamene kansaluko kanakana kugwirizana ndi nsalu ya mayi ake. Telala amene anasoka bodzalo Chalong anamupeza ali pamakina. Anamugoneka dzanja patebulo n'kuliphwanya ndi simbi yamakala yotentha mpaka zala zinaloza mbali zosiyana. Anakagwira ndende, ndipo potuluka anabwera ndi lumo lija.

Anthu sanaleke kumubweretsera maovolosi a Wirat, ena mwakuba, ena pongofuna kumuseleula. Mmodzi anachoka wopanda nsonga ya khutu. Mkazi wa Chalong, Lamyai, yemwe ankagulitsa papaya wosinja pakhonde la shopu, anataya dzino poleretsa ndewu ina. Ankamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye n'kuyankha kuti nkhono amadya, sayang'anizana nazo.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo mvula isanayambe, panafika nkhalamba yowonda ya kutsidya, itavala nkhwaira za matayala. Inati dzina lake ndi Bounthan, mlimi wa mpunga, ndipo inali itafunsa msika wonse kuti a Chalong ndi ati. Inamasula thumba n'kuyala patebulo ovolosi yofwifwa, yazigamba m'mawondo, pachifuwa pali kansalu kolembedwa Wirat.

Chalong sanaipatse ngakhale mpando. Ananunkhiza, n'kumva utsi wa nkhuni ndi thukuta la kumunda. Zipi inali yapulasitiki, ngati ya chikwama cha kusukulu. Mabaji panalibe. Anapapasa m'kolala, mmene onse amabisa kansalu, osapezamo kanthu. Nkhalambayo inkalongosola kuti munthuyu anagwa ndi palachuti m'munda mwake mwendo utasweka, kuti anamubisa m'nkhokwe mpaka anatsirizika, kuti anamuika yekha popanda ngakhale mkazi wake kudziwa. Inati dzinalo inalimasula n'kulibisa kuopa asilikali, ovolosiyo n'kumalimira, ndipo tsopano poona kuti masiku ake atha yabwera kudzatenga mbale wa malemuyo akaone manda. Nkhani zotere Chalong anali atamva zambiri, zina zokoma kuposa iyi. Anasolola ulusi wa pa dzina paja n'kuyatsa machesi. Unasungunuka, n'kuundana kampira kakuda.

“Madala, wakutumani ndani?”

“Palibe, mwana wanga. Dzinalo ndasokeraponso ndekha dzana, kuti mulizindikire.”

“Ndi ulusi wa ukonde wa nsomba? Mwakalamba ndi bodza lomwe, simukuchita manyazi?”

Anthu anali atayamba kuunjikana pakhomo, poti ndewu ya kwa Chalong inali kanema waulere. Nkhalambayo inamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, ngati ikufuna munthu wina.

“Kapena ndasochera. Iye anati mng'ono wake Chalong ndi wofatsa, sapha ngakhale nkhuku. Anati ndidzamuuze pang'onopang'ono, asalire.”

Msika wonse unafa nacho chiseko. Wogulitsa zipewa anafuula kuti nkhuku sapha ndithu, amapha atelala. Chalong anali atazolowera kunamizidwa, koma kumuseketsa pagulu m'dzina la mkulu wake kunamupweteka mpaka m'mafupa. Anatsegula lumo n'kuyamba kuicheka ovolosi ija kuyambira pakhosi mpaka pansi, miyendo payokha, mikono payokha. Nkhalamba inalumphira patebulo kuti iphimbe chovalacho ndi thupi lake, lumo n'kuing'amba mkono. Sinasiye. Inagwiritsa nsaluyo ndi manja onse awiri ikulira kuti asatero, ndi ya mkulu wake. Lamyai anamukoka malaya kumbuyo, iye n'kumukankhira pa mtondo wake wa papaya. Kenaka anatola chisoti chachitsulo chomwe chinali pashelefu n'kuimenya nacho nkhalamba pachipumi, kawiri. Inagwa chagada n'kumenyetsa nkhongo pasimenti, ndipo kulira kwake kunathera pomwepo.

Chiseko chinazima. Chalong, akupuma mwawefuwefu, anabwerera patebulo kuti amalize ntchito yake, poti sankasiya chovala chabodza chili ndi msoko. Atang'amba m'khwapa mwa kumanzere, lumo linakodwa. Munali kansalu kopindidwa kawiri, kofiira ndi kakuda, kosokedwa ndi timisoko tating'ono ta ulusi wathonje.

Chalong anaika lumo pansi. Lamyai ndi amene anadzuka, mlomo ukuchucha magazi, n'kukatenga nsalu ya apongozi ake m'kabati. Anaiyala patebulo n'kuika kansaluko pamene panaperewera. Mizere inakumana, ngakhale pamene sizasi ya a Buaphan inakhota. Chalong anali atapapasa makolala zaka zonsezi chifukwa ndi mmene akuba amabisa, osaganiza kuti mayi ake angasankhe pafupi ndi mtima wa mwana wawo. Ndipo anali atazolowera zovala zogona m'mabokosi, n'kuiwala kuti chovala chimene munthu wosauka walimira moyo wake wonse chimasinthidwa zipi.

Anagwada m'magazi muja n'kunyamula mutu wa nkhalamba.

“Agogo, manda ali pati? Agogo, ndine Chalong. Ndiuzeni mudzi wokha.”

Maso anali otsegula, koma sankaona. A Bounthan anamwalira ali m'galimoto popita kuchipatala, osatchulanso liwu. M'thumba mwawo munali kadengu ka mpunga womata ndi machesi basi, ndipo pamsika ponse panalibe amene anawafunsa kumene anachokera.

Apolisi anamupeza Chalong atakhala pansi, akusanja zidutswa za ovolosi ngati angazibwezere. Sanalimbane nawo. Lamyai anazilumikiza yekha pambuyo pake, ndi ulusi wanayiloni poti ndi umene unalipo, n'kupita nazo kukachisi. Amonke anapemphera, moto unanyeka, ulusi uja n'kusiya timipira takuda m'phulusa. Popita kundende kukamuona mwamuna wake anamuuza kuti zatheka, mayi ake akhoza kupumula.

Chalong anapukusa mutu. Anati chovala chapita, inde, koma mkulu wake akadali m'munda wa mpunga kwinakwake kutsidya, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa malowo, amene anayenda ulendo wonse uja kudzamutenga, iye mwini ndiye anamupha.