Ninathira Mchere Pamaso pa Balamu

Imwe owerenga, komboni yathu ya Mtendere yonse iziba kuti ine pakamwa panga ni pakulu. Koma iyi nkhani nikamba na manyazi, chifukwa bamuna banga baTembo ninabathamangitsira kumanda na dzanja langa lomwe ili.

Inali nthawi ija makampani yanali kutsekedwa, unga tinali kuimira pamzere kuyambira m'mamawa. BaTembo nchito inatha. Mafuta yophikira kulibe, tomato kulibe. Ndiwo inali kapenta youma na repu, ndipo chokometsa chinali chimodzi chabe, mchere. Ine ninali kuthira dzanja lodzala.

BaTembo banayamba kutupa miyendo mpaka nsapato zinakana. Kuyenda chabe kufika pokwerera basi, wefuwefu. Ku kiliniki banesi banati, "Mayo, magazi yathamanga kwambiri, mtima wa batate watopa. Chepetsani mchere. Kapenta muziyamba mwaiviika m'madzi." Ine ati, "Inde, banesi." Ninamvera masabata yabiri. BaTembo banali kuseka, ati, "Iwe, ndiwo iyi waitunga pa pompi?" Koma banali kudya, mpweya unayambako kubwerera.

Ndiye kunabwera balamu banga baEsinati, balongo babo, kuchokera ku Katete. Banadinda mwendo wa baTembo na chala, dzenje linatsala. Banalawa ndiwo. Bananiyang'ana.

"Mulamu, mchere uli kuti?"

Imwe bana ba m'tauni simuziba. Kwathu bamati mkazi akagona na mwamuna wina, n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa. Ndiwo mdulo. Mkazi woopa mchere ni mkazi wa mlandu.

"Miyendo yatupa, imwe mchere mwaleka kugwira. Muopa chani? Mwamudula mlongo wanga!"

Banakuwa mpaka bazimayi ba pa pompi banamva. Mawa lake nikapita kukatunga madzi, manong'onong'o: "Kansi baja bokuwakuwa ni vimene bachita!"

Mutu unanitentha. Ninatulutsa mbaula panja, poto pamoto, ninatapa mchere dzanja lonse. "Onani, balamu! Onani imwe mahule ba pa pompi! Nathira nekha, siniopa!" Tsiku na tsiku ninali kuphikira panja kuti bonse bazipenya.

BaTembo bananiitana pambali, pang'onopang'ono. "Mkazi wanga, paja banesi banati..."

"Khalani chete! Mufuna banitche hule?"

Banangotenga mbale yabo. Banali kukhala pakhomo, mbale pamaondo, n'kudya yonse mpaka kupukuta msuzi, kuti balongo babo baone kuti bamanikhulupirira. Ine ninali kunyada. Sininaone kuti munthu anali kudya imfa kuti ateteze dzina langa.

Mvula isanagwe, baTembo banagwa pakhomo m'mawa bali kufuna kuvala patapata. Kuchipatala banafikako, koma sibanabwerere. Badokotala banati mtima.

Muganiza balamu banapepesa? Pamaliro pomwe banauza banthu kuti ni mdulo. Bananyamula bedi na wailesi, ulendo ku Katete. Mchere wonse uja sunanitsuke olo pang'ono. Bana banga bali kutali, bamabwera mwa kamodzikamodzi. Bazimayi ba pa pompi baja bena banasamuka, bena banafa, nkhani banaiwala kalekale. Otsala nayo ni ine.

Imwe bazimayi banzanga, ku kiliniki bakakuuzani kuti chepetsani mchere, chepetsani. Bachibale bakayamba vokamba, batengeni mupite nabo, bakamve bekha pakamwa pa banesi. Ine chinanikanga ni ichi chabe, kukwera basi na balamu. Lekani banthu bakutcheni dzina lililonse, dzina silitupitsa miyendo.

Manje na ine magazi yathamanga. Niviika kapenta yanga, niphika yopanda mchere, nikhala pakhomo paja banali kukhala baTembo. Nimadya nekha, ndipo palibe olo mmodzi wonifunsa kuti mchere uli kuti.