Zimbale Zinayi pa Mphasa ya a Mbewe

Loweruka lapitali ndinapita kwa Dzoole kukaona a Mbewe. Ndinkayembekeza kukacheza ndi kukaseka monga kale, koma chibwerereni sindinapezebe mtendere, ndiye ndati ndikufotokozereni, owerenga anga.

A Binisoni Mbewe ndi mnzanga wakalekale. Tinayambira limodzi uphunzitsi pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Mvera, tonse tili mbeta, tikugona m'kanyumba kamodzi kodontha. Iwo anali ndi gumbagumba yoyendera mabatire, yomwe msuweni wawo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Zambia. Msuweni yemweyo ndiye ankatitumizira zimbale za gulu lina loimba la kumeneko, lotchedwa Moto wa Dzinja. Anali anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, ena mwa iwo ana a anthu akwathu konkuno, ndipo ankaimba nyimbo zaphokoso zija amati roko. Zikuto za zimbalezo tinkazibisa kunsi kwa matiresi, chifukwa mkulu wa mpingo akanangoona tsitsi limenelo, nkhani ikanafika kwa abusa dzuwa lisanalowe.

Gululo linatulutsa zimbale zinayi, kenako linapasuka. Ife maina enieni a zimbalezo sitinkawatchula. Tinkangoti Chofiira, Cha Sitima, Chakuda ndi Cha Maluwa, potengera zithunzi za pachikuto.

Kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero tamera imvi, ine ndi a Mbewe sitinagwirizanepo kuti chabwino koposa ndi chiti.

Kwa ine ndi Cha Sitima, chomwe chinatuluka chachiwiri. Pamenepo anyamatawo anali atazidziwa bwino zida zawo koma asanayambe kudzimva. A Mbewe sankafuna n'kumva komwe. Iwo mtima wawo unali pa Chofiira, choyamba chija. Kunena zoona chinajambulidwa mosauka, ng'oma zake zimamveka ngati woimbayo anamutsekera m'chipinda china. Koma muli nyimbo ina ya mnyamata wotsanzika mayi ake pa siteshoni, momwe gitala imayamba kulira yokha, pang'onopang'ono, mawu a munthu asanalowe. A Mbewe ankati munthu amene samva kanthu pamenepo asamapatsidwe ana a eni kuti aziwaphunzitsa.

Cha Maluwa tinkachiika pakati. Anyamata anali atayamba kufuna kusangalatsa aliyense, mpaka kulowetsamo malipenga. Pomwe tinkagwirana chanza ndi pa Chakuda. Chimenechi tonse tinkachiponya kumapeto. Muli ng'oma ndi gitala ya besi basi, gugudu gugudu, woimba akungokuwa ngati waponda minga. A Mbewe ankachitcha chigayo cha pa Mponela.

Tikakumana, moni ankachepa. Tinkayala mphasa, n'kundandalika zikuto zinayizo, wina kusuntha, wina kubweza, mpaka akazi athu atatopa nafe.

Kenako ine anandisamutsira kuno ku Ntchisi, iwo anasiya choko n'kubwerera kumudzi kukalima fodya. Kumayambiriro kwa mvula ino ndinamva kuti adwala malungo aakulu ndipo agonekedwa kuchipatala. Patapita nthawi ndinamvanso kuti atuluka, ali bwino. Misewu yathu ya m'mapiri muno mukuidziwa mmene imakhalira dzinja, choncho ndinadikira kuti matope achepe.

Ndinawapeza ali m'chigafa, akusoka fodya, atandifulatira. Ndinaodira. Sanatembenuke. Ndinaitana dzina lawo, ndikuganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Ali chete, manja okha akuyenda.

Akazi awo, a Nabanda, anatuluka m'khitchini akupukuta manja pa chitenje.

"Alamu, musadzivute," anatero. "Sakumva. Malungo aja anapita ndi makutu. Zungulirani kutsogolo kwawo kuti akuoneni."

Ndinazungulira. Atakweza maso anandiyang'ana kanthawi, kenako nkhope yonse inamasuka.

"A Phiri," anatero mokweza kwambiri, mpaka nkhuku zinathawa. "Mwanenepa. Musandiyankhe, ndikudziwa mukana."

Mawu awo sanalinso aja ndinkawadziwa. Ankayamba mokuwa, n'kutsirizira pansipansi, ngati wailesi yomwe mabatire akutha. Munthu yemwe kale ankatsogolera kwaya, woti mwana mmodzi akaphonya pakati pa gulu lonse ankamuloza ndi chala, lero sakudziwa kuti mawu ake omwe akufika pati.

Sanandifunse za banja, kapena za ntchito. Mwina anadziwa kuti mayankho ake sawafika. Analowa m'nyumba, natuluka ndi mphasa, gumbagumba ndi zimbale zija. Tinakhala pakhonde. Anayamba kundandalika.

Kutsogolo anaika Chakuda.

Ndinaganiza kuti asokoneza. Ndinachitenga n'kuchiika kumapeto, malo ake a masiku onse. Anandigwira dzanja, nachibweza kutsogolo. Ndinapukusa mutu, ndipo ndinawerama n'kulemba ndi chala pafumbi kuti CHIGAYO. Anawerenga, naseka mpaka kutsokomola.

"Dikirani," anatero.

Anaika chimbalecho pa gumbagumba, natsitsa singano, nakweza mpaka pomalizira. Kenako anatenga dzanja langa n'kuligoneka pa sipika, lawo pambali pake. Ng'oma zija zinayamba kugunda m'chikhatho, kukwera m'mkono.

"Mwamva?" anafunsa. "Ichi chokha ndicho chatsala nane. Chimalowa m'dzanja n'kufika pachifuwa. Cha Sitima chanucho chimabwera pang'ono, ngati mlendo wamanyazi akugogoda. Cha Maluwa ndi mwa apo ndi apo."

Ndinaloza Chofiira, chomwe anali atachiika kumapeto kwenikweni.

Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mulibe kanthu," anatero, tsopano motsitsa. "Ndimaika dzanja, ndimaona mbale ikuzungulira, singano ikuyenda. Koma ndi ngati ndagwira khoma."

Owerenga anga, pamenepo ndikanatha kungogwedeza mutu ndi kuwasisita paphewa. Koma mkangano umenewu ndi wakale, ndipo unandigwira ndisanaganize. Ndinatenga Cha Sitima n'kuchiika kutsogolo. Iwo anachichotsa. Ndinaimirira n'kuwasonyeza ndi manja mmene gitala imathamangira mu nyimbo yachitatu. Iwo anati makutu anga ndi okoloweka chipewa basi, ndipo akanakhala achilungamo malungo aja akanatenga anga, poti sindinawagwiritsepo ntchito. Tinalimbana choncho, iwo ndi pakamwa, ine ndi manja ndi fumbi, mpaka dzuwa linafika pamutu.

Mitambo itayamba kuda, anapita kukafunditsa fodya. Ndinatsala ndi a Nabanda, ndipo ndi pamene ndinamva zina.

Kwaya anasiya okha. Anapitako kamodzi atatuluka kuchipatala, anaimirira kutsogolo, nakweza manja, ndipo anaona anthu akuyang'anana. Sanabwererenso. Kumsika nakonso anasiya. Tsiku lina anyamata oona makhadi a chipani pachipata cha msika anawaitana kumbuyo. Iwo anangopitirira, poti sanamve. Anyamatawo anaona ngati mwano, anawathamangira n'kuwakoka malaya, ndipo anagwera m'matope anthu akuona. Khadi linali m'thumba momwemo. Anyamata aja atamva chifukwa chake anapepesa, ndipo ine sindikuwaweruza pano. Koma munthu yemwe anaphunzitsa theka la mudziwo kulemba maina awo anabwera kunyumba ali matope okhaokha, ndipo chichokere tsikulo sanadutseponso mlatho wa kumapeto kwa mudzi.

"Milomo yanga yokha ndiyo amatha kuwerenga," anatero a Nabanda. "Ndiye chilichonse chimadzera mwa ine. Maliro, mtengo wa feteleza, zonse. Mdzukulu wathu wayamba kuyankhula mwezi wathawu. Amandifunsa kuti mawu ake ndi otani, aakulu kapena aang'ono. Ndingawauze chiyani, alamu?"



Tsono tiyeni tifunsane. Munthu akathyoka mwendo timamunyamula. Akachita khungu timamugwira dzanja, timamuuza kuti apa pali dzenje. Nanga akagontha timatani? Poyamba timakuwa, ngati kuti tikumukalipira. Tikatopa timayamba kuyankhula za iye, iye ali pomwepo. Tikatopanso timangomwetulira. Akanena kanthu timagwedeza mutu, kaya wanena zoona kaya waphonya, chifukwa kumutsutsa ndi ntchito, pafunika kuima, kubwereza, kuloza, kulemba pansi. Kuvomera n'kosavuta.

Ndipo timadziona ngati anthu achifundo.

Pa bwalo la milandu, pa msonkhano wa mpingo, pa zokambirana za maliro, mumawaona atakhala kumapeto, akuseka anzawo atamaliza kale kuseka. Ndani amatembenuka kuwauza chomwe chasekedwa? Ana amawatcha maina, akulu amati asiyeni, samva. Pang'ono ndi pang'ono mawu oti samva amayamba kutanthauza kuti sadziwa, kenako kuti palibe chifukwa chowafunsira. Munthu ali moyo, akudya, akulima, koma tamuchotsa kale pakati pathu popanda mwambo uliwonse.

A Mbewe atabwerako kuchigafa, mvula inali itayamba kuwaza. Tinakokera mphasa mkati mwa khonde. Anatenga Chofiira, nachipukuta ndi malaya, nachiika pa gumbagumba.

"Khalani apa," anatero, akuloza kutsogolo kwawo. "Musayang'ane kumbali. Ndikufuna ndizikuonani kumaso."

Anatsitsa singano pa nyimbo ya pa siteshoni ija. Dzanja sanaike pa sipika. Anangondiyang'ana.

Gitala inayamba yokha, monga imachitira. Sindikudziwa chomwe nkhope yanga inachita, koma iwo anagwedeza mutu, nati, "Ndi pamenepo." Anadikira, akuwerenga ndi phazi. Kenako anayamba kuimba.

Analowa mochedwa. Nyimbo inali kutsogolo, iwo kumbuyo, ndipo mawu awo ankakwera pomwe nyimbo ikutsika. Koma sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Ine ndinayamba kuimba nawo, kutsegula pakamwa kwambiri kuti aone pomwe tafika, ndipo anathamanga n'kundipeza, n'kutsaliranso. A Nabanda anaimirira mwakachetechete n'kupita kuseri kwa nyumba, kumvula konko.

Nyimbo itatha iwo anapitirirabe pang'ono, mpaka ataona kuti ine ndatseka pakamwa.

Anachotsa chimbalecho, nachilowetsa m'chikuto chake, nandipatsa.

Ndinakana ndi manja onse awiri.

"Tengani," anatero. "Pano chikungodya malo. Koma mudziwe kuti sindinagonje. Chimaposabe Cha Sitima chanucho. Kungoti mwini wake wasamuka."

Ndinachilandira. Kukana kachiwiri kukanakhala kuwauza kuti makutu adzabwerera, ndipo tonse tinkadziwa zomwe adokotala ananena, zoti sadzamvanso.

Mvula itakata, a Mbewe anandiperekeza mpaka pa mlatho, n'kuima pomwepo. A Nabanda anapitirira nane mpaka kumsewu kumene ndinkakadikira lole. Titafika anakonza mpango wawo, akuyang'ana kwina.

"Alamu, mudzabwerenso msanga, musadikire kuti msewu uume," anatero. "Anthu amabwera ndithu, sindingawanamizire. Amabwera ndi nkhuku, ndi mapemphero. Koma chitulukire kuchipatala, inu ndinu woyamba kuwauza kuti alakwa. Ena onse amangoti eya, eya. Madzulo amandifunsa kuti, kodi Nabanda, ndayamba nzeru kwambiri, kapena anthu andisiya?"

Pomwepo lole inafika, ndipo ndinakwera.

Sabata yonseyi funso limenelo lakhala likunditsatira, ku ofesi, kutchalitchi, pamsewu. Ndiye ndalibweretsa kwa inu. M'mudzi mwanu, mwina m'nyumba mwanu momwe, alipo wina amene makutu kapena ukalamba wamukankhira kumapeto kwa benchi. Sindikufunsa ngati mumamupatsa moni, ndikudziwa mumatero. Sindikufunsanso ngati mumamupempherera.

Ndikufunsa kuti munakangana naye komaliza liti?