Tebulo la Ba Towera

"Mwanipoka tebulo chifukwa sininavine? Bacheyamani, mulibe nsoni imwe?"

Towera anakalipira tcheyamani wa msika wa Chawama, msika wonse ukumva. Iyeyu anabadwa ndi sikoselo, matenda a magazi amene kukazizira amabaya mafupa ngati misomali. Anthu ankati sakula, koma ndi uyu, tomato wake akudyetsa ana awiri. Akagonekedwa kuchipatala, anzake amamugulitsira.

Dzulo, m'chisanu cha Juni, anyamata a chipani anakweza amayi m'malole kukavinira mlendo kubwalo la ndege. Towera anakana, ndiye tebulo lake logulitsirapo linaperekedwa kwa wina.

Lero Towera akukalipa choncho, anzake anaphimba malonda awo ndi zitenje, nkuima kumbuyo kwake.

"Nikanafela mu lole muja, bana banga sembe mwabalela imwe? Wamene anagaba tebulo langa abwele ayankhe pano!"