Phula la mu Mng'alu wa Sinki

Sinki yathu inali ya mwala wotuwa, yolemera moti tinainyamula amuna anayi. Ndinapatsidwa pamene ankagumula nyumba yakale ya mishoni, ndipo ndinaikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Ngala. Akazi anga anatsukiramo mbale zaka zambiri.

Patatha masabata atatu chimwalirireni iwo, ndinathiramo madzi otentha kuti ndichotse mafuta a nsomba. Madziwo anatsikira pamapazi anga. Nditawerama ndinaona mng'alu kuchokera pakona mpaka pabowo lotulukira madzi. Sunali watsopano. Unali womatidwa ndi phula la makandulo, lina loyera, lina litada chifukwa chokhalitsa.

Malemuwo ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, ndipo timakandulo totsala ankabwera nato kunyumba. Ine ndinkayesa n'tounikira. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti anandiuzapo kamodzi kuti sinki ikudontha. Ndinayankha kuti ndiona tikakolola mpunga. Sanabwerezenso.

Ndinapita ku Dwangwa kukafuna simenti. Pachipata cha msika anyamata a chipani anafuna khadi la umembala. Ndinatulutsa awiri, langa ndi la malemu, poti ndinkawasunga pamodzi. Anandibwezera osafunsa kanthu.

Mmisiri wina wa kwathu kumpoto, amene tinkapemphera naye, anabwera kudzaona. Anayendetsa chala mumng'alumo.

"Ankamata apa ndani? Anali ndi dzanja labwino."

"Mayi a kunyumba kuno."

"Pepani, bambo. Koma simenti sigwira pa phula. Mupale lonse ndi msomali, musinje kamwala kofanana ndi sinkiyi, musakanize ndi simentiyo. Mukasiyamo ngakhale pang'ono, mudzandiitananso."

Madzi otentha aja anali atasungunula pakati pokha. M'mbali phula linali lolimba, ndipo pamwamba pake pankaoneka timizere ta chala chawo chachikulu, pomwe ankakanikiza. Chithunzi chawo ndinalibe, sanajambulitsepo. Zovala achibale anali atagawana.

Masiku awiri ndinatsukira mbale m'beseni. Tsiku lachitatu, nditapemphera, ndinatenga msomali. Ndinatchera kachitini kuti ndisunge phulalo, koma linkatuluka lili zinyenyeswa zokhazokha, popanda kamzere n'kamodzi komwe.

Nditamata ndi simenti, sinkiyo sinadonthenso. Mmisiri uja atabwera anayamikira kuti pomatapo sipakuoneka n'komwe. Ndinamuthokoza. Ankanena zoona. Ngakhale ine ndikafufuza ndi chala, sindipapeza.