Gadiyani wa a Cornelius

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za a Cornelius a ku Namadzi.

Chaka cha njala chija, 2002, akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula. Paja mkamwini alibe dothi. Kwawonso anakapeza mbumba itabalalika, munda akulima ena. Basi, bambo wamkulu ndithu n'kuyamba kugona pakhonde la sitolo pamsika, chofunda chake thumba la feteleza.

Pakhondepo ankagona ndi mnzawo, Asumani. Asumaniyu anadwala dzino, tsaya n'kutupa, kutupako n'kutsikira kukhosi mpaka mpweya kusowa podutsa. Anafa ngati masewera, anthu akuona.

Ndiye tangoganizani mantha amene anawagwira a Cornelius dzino lawo litayamba kuwawa. Anayesa mchere, anayesa fodya, osatheka. Wina wokonza njinga anati, "Madala, donthezeranimo madzi a batire, kachilomboko kafe." Anadonthezeradi. Mayo ine! Nkhama zinapsa, tsaya n'kufufuma ngati mkate.

M'mawa uliwonse ankadzigwira pakhosi, kuyeza pamene kutupa kwafika. Kuchipatala ankakuopanso, poti pamsika anthu ankati dzino lotupa ukazula umafera pampando pomwepo.

Tsiku limene malovu anakana kumezeka, ananyamuka. Pachipatala chaching'ono anawauza kuti zida za mano palibe, apite chachikulu. Ena akanabwerera pomwepo. Iwo anayenda wapansi, dzuwa lili phwee, m'mimba muli pululu, akupumira m'mithunzi ya mango.

Dokotala wa mano atawaona anati, "Bambo, mukanachedwa pang'ono tikananena zina. Tikugonekani, tichotse mafinya, kenako dzinolo. Gadiyani wanu ali kuti?"

Mukudziwa inu, kwathu kuno wodwala amagonekedwa ali ndi womudikirira, womuphikira phala ndi kumusambitsa. A Cornelius mtima unangoti phwii. Ankaganiza kuti wopanda gadiyani amabwezedwa anthu akumuseka. Ananama kuti akamuitane panja, n'kutuluka nyang'anyang'a kulunjika kugeti. Ankadziwa bwino lomwe kuti akubwerera kukafa monga anafera Asumani.

Pageti anakumana ndi mayi wina wa ku Mbombwe, dzina lake Rute, amene ankadikirira amuna ake odwala. Anali atanyamula poto wa phala.

"Achimwene, ndi tsaya limenelo mukupita kuti?"

"Ndilibe munthu," anayankha a Cornelius mawu akutulukira m'mano.

"Nanga ine ndine chitsa? Poto ndi mmodzi, koma masupuni alipo awiri. Tiyeni, musandichedwetse, phala likuzizira."

Anabwerera. Pampando paja jakisoni anabwera iwo atatsinzina, akupemphera chamumtima. Mafinya anatuluka, dzino linazulidwa, munthu sanafe. Mayi Rute ankawamwetsa phala lamadzimadzi pang'onopang'ono mpaka pakamwa panatseguka.

Tsiku lotuluka, namwino atamva nkhani yonse anagwira pakamwa. "Aa, bambo inu! Ngakhale opanda gadiyani tikanakugonekanibe. Mukanafera mantha chabe?"

Amuna a mayi Rute atachira anawabwereka a Cornelius njinga yakale. Anayamba kabaza, ngakhale miyendo inkakana pazitunda za Chiradzulu. Anapirira mpaka anagula yawoyawo, n'kupeza kanyumba ka lendi ku Mbombwe. Lero akamva kuti wina wogona pakhonde watupa tsaya, amamukweza ulere kupita naye kuchipatala, ndipo sachoka pambali pa bedi lake mpaka atachira.

Abale anga, ndikaganiza kuti munthuyu anatsala pang'ono kutuluka geti lija, thupi limandichita tsemwe. Mwina inunso muli pageti lero, mwatembenuka kale, mukuthawa chinthu chimene palibe wakuuzani kuti chilipo. Bwererani mukafunse. Mantha asakupheni matenda asanakupheni. Osataya mtima!